MANKHWALA OUNIKIRA M'THUPI: KODI CHIGWA CHA SHIRE CHIPINDULANJI?

Wolemba Mtolankhani Wathu

M'mwezi wa September chaka cha 2022, bungwe la Boma la America loyang'anira mankhwala linaloleza mankhwala atsopano otchedwa gadopiclenol, ndipo maiko a ku Ulaya anawaloleza chakumapeto kwa 2023. M'chaka cha 2025 kampani ya Bayer ya ku Germany inalengeza zotsatira za kuyesa mankhwala enanso a mtundu womwewo, dzina lao gadoquatrane. Mankhwala awiriwa sachiza nthenda iri yonse. Nchito yao ndi imodzi yokha: amabayidwa mu mtsempha wa wodwala pamene akujambulidwa ndi makina a MRI, kuti chithunzi cha m'kati mwa thupi chituluke choyera, ndipo dokotala aone chimene chikadabisika.

Mwina awerengi ena afunsa kuti nkhani ya kutali chotero ikhudza bwanji munthu wa kwa Ngabu, wa ku Bangula kapena wa ku Makhanga. Yankho lache ndi lakuti imkhudza ndithu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 560,000 m'boma la Chikwawa ndi pafupifupi 300,000 m'boma la Nsanje, ndipo odwala ao akalephereka pa zipatala za m'chigwamo amakwezedwa phiri kunka ku chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre, kumene kuli makina akuluakulu ojambulira. Mankhwala amene aloledwa kunja lero ndiwo adzakhala m'jakisoni wa namwino wa ku Queens mawa. Chotero nkoyenera kuti aphunzitsi ndi anchito a Boma, amene anthu a m'midzi amathamangira kukafunsa nzeru kwa iwo, aidziwe nkhaniyi mutu wache ndi mchira womwe.

MANKHWALAWA AMAGWIRA NCHITO BWANJI?

Pamene Wilhelm Röntgen anatulukira X-ray m'chaka cha 1895, anthu anazizwa poona mafupa a munthu wamoyo pa chithunzi. Koma posachedwa madokotala anaona kuti mafupa okha ndiwo amaoneka bwino. Matumbo, mitsempha ya magazi, impso ndi ubongo zimangotuwa chimodzimodzi, monga nkhungu ya m'mamawa pa dambo la Ndindi. Tsono panafunika chinthu chothira m'thupi chimene chingasiyanitse chiwalo ndi chinzache. Kwa matumbo anapeza phala loyera la barium, limene wodwala amamwa. Kwa mitsempha ndi impso anapeza mankhwala okhala ndi ayodini, amene amagwiritsidwa nchito kufikira lero pa X-ray ndi pa makina a CT.

Makina a MRI ali ndi njira ina, pakuti iwo amajambula ndi mphamvu ya maginito. Mankhwala ache amapangidwa ndi chitsulo chosowa chotchedwa gadolinium, ndipo oyamba a mtundu umenewu, otchedwa Magnevist, anayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1988. Chitsulo chimenechi pachokha ndi ululu. Chifukwa chache akatswiri amachitsekera m'kati mwa mankhwala ena amene amachigwira zolimba monga nkhanu igwira ndi mano ache, kuti chiyende m'magazi, chiwalitse malo odwalawo, kenaka chituluke ndi mkodzo chisanamasuke. Awerengi asunge mau awa akuti chituluke ndi mkodzo, pakuti nkhani yonse ya Chigwa cha Shire yagona pamenepo.

CHIKOMEKOME CHA MKUYU

Mbiri ya mankhwala ounikirawa iri ndi maphunziro owawa. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 kunabuka mankhwala otchedwa Thorotrast, amene anali kutulutsa zithunzi zokongola koposa zonse za nthawi imeneyo, ndipo wodwala sanali kumva vuto lalikulu pa tsiku lobayidwa. Madokotala a maiko ambiri anawakonda nawagwiritsa nchito kufikira m'zaka za m'ma 1950. Koma mankhwalawo sanali kutuluka m'thupi. Anali kukhazikika m'chiwindi, m'kapamba ndi m'mafuta a m'mafupa, namaotcha ziwalozo pang'onopang'ono ndi cheza chao, ndipo patapita zaka 20 kapena 30 ambiri mwa obayidwawo anafa ndi khansa ya m'chiwindi ndi ya m'magazi. Akuluakulu ananena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Gadolinium nayenso anadzetsa lache phunziro. Kwa zaka pafupifupi 18 anthu anali kukhulupirira kuti alibe choopsya. Koma m'chaka cha 2006 dokotala wa ku Austria, Thomas Grobner, anaonetsa kuti odwala ena amene impso zao zinali zitafooka kwambiri anali kugwidwa ndi nthenda yachilendo atabayidwa mankhwalawa: khungu limauma ndi kulimba ngati chikumba, mfundo zimakanika kupindika, ndipo ena amafa. Chifukwa chache chinali chakuti impso zodwala zimachedwa kutulutsa mankhwalawo, ndipo chitsulo chija chimapeza mpata womasuka. Zipatala zitayamba kuyeza impso wodwala asanabayidwe, ndi kusankha mitundu yogwira chitsulocho zolimba, nthendayo inatsala pang'ono kutheratu. M'chaka cha 2014 madokotala a ku Japan anapezanso kuti timbiri ta gadolinium timatsalira mu ubongo wa anthu obayidwa kawirikawiri. Ngakhale sipanapezeke umboni wakuti totsalirato tikudwalitsa anthu, maiko a ku Ulaya anaimitsa mitundu ingapo ya mankhwalawa m'chaka cha 2017.

Apa ndipo pagona cholinga cha kuyesa kwa masiku ano. Akatswiri akufuna chithunzi choyera monga kale, koma ndi chitsulo chochepa. Gadopiclenol amapatsidwa ndi theka la muyeso wa gadolinium wa masiku onse, ndipo gadoquatrane anayesedwa ndi muyeso wochepera ndi magawo 60 pa 100. Makampani ena ayamba kuyesa mankhwala opangidwa ndi manganese, chitsulo chimene thupi la munthu limachidziwa kale popeza chimapezeka m'zakudya.

KUYESAKO KUMAYENDA MOTANI?

Mankhwala atsopano sathamangitsidwa nao ku chipatala. Amayamba kuyesedwa pa nyama. Kenaka amapatsidwa kwa anthu owerengeka a moyo wabwino amene adzipereka okha, kuti aone ngati thupi liwalandira ndi kuwatulutsa. Gawo lachiwiri ndi lofuna muyeso woyenera pa odwala ochepa. Gawo lachitatu ndilo lalikulu, ndipo limatenga odwala mazanamazana m'maiko angapo. Poyesa gadopiclenol, wodwala mmodzi yemweyo anali kujambulidwa kawiri pa masiku osiyana, kamodzi ndi mankhwala atsopano, kamodzi ndi akale otchedwa gadobutrol. Zithunzizo zinali kuperekedwa kwa madokotala amene sanauzidwe kuti chithunzi ichi nchamankhwala ati, kuti mtima wokondera usalowepo.

Njira imeneyi njanzeru, koma iri ndi malire ache, ndipo munthu wophunzira ayenera kuwazindikira. Kuyesa kwa anthu mazana ochepa kungathe kutsimikiza kuti chithunzi nchoyera, koma sikungathe kuona choipa chimene chimagwera munthu mmodzi mwa zikwi khumi, kapena chimene chimaonekera patapita zaka makumi awiri. Thorotrast akadapambana mayeso a chithunzi popanda chovuta. Ndiponso yankho la mayeso limakhudza anthu ofanana ndi amene anayesedwawo. Ngati pakati pao panalibe mwana wa malungo aakulu, woperewera magazi, wosowa zakudya m'thupi, ndiye kuti funso la mwana wotereyo liri chikhalire losayankhidwa.

ZIMENE DZIKO LINO LAPHUNZITSA MAIKO ENA

Tisaganize kuti Malawi ndi mlendo pa nchito younika m'thupi. Pa nthenda ya malungo a mu ubongo, imene imakomola ana ndi kupha ambiri, maiko onse aphunzira kuchokera ku Blantyre. M'chaka cha 1989 Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor pamodzi ndi anzao anafalitsa muyeso woonera kukomoka kwa mwana umene umatchedwa ndi dzina la mzinda wa Blantyre kufikira lero. M'chaka cha 1993 dokotala wa maso Susan Lewallen analongosola zizindikiro zimene malungowa amasiya m'kati mwa diso. M'chaka cha 2004 kunafalitsidwa zotsatira za kupima mitembo ya ana 31 amene anaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo: 7 mwa iwo anapezeka kuti anafa ndi nthenda zina, ndipo chimene chikadawasiyanitsa ali moyo ndi kuyang'ana m'diso.

Pamenepo mankhwala ounikira analowa m'nkhaniyi. Pali utoto wachikasu wotchedwa fluorescein umene umabayidwa mu mtsempha wa pa mkono, ndipo posakhalitsa umafika m'diso numawala pansi pa nyali ya kamera, kuonetsa kumene magazi akuyenda ndi kumene aima. Nicholas Beare ndi anzache anafalitsa m'chaka cha 2009 kuti mwa ana 34 a ku Queens amene anajambulidwa motero, 28 anali ndi timitsempha totsekeka m'diso. Popeza diso ndi ubongo nzapachibale, madokotala anaona ndi maso ao chimene tizirombo ta malungo timachita m'mutu mwa mwana wamoyo.

M'chaka cha 2008 makina oyamba a MRI m'dziko muno anakhazikitsidwa pa Queens, ndi chithandizo cha Michigan State University ndi kampani ya General Electric. Zotsatira zache zazikulu zinatuluka m'chaka cha 2015 pansi pa dzina la Karl Seydel ndi anzache. Mwa ana 168 ojambulidwa, 25 anamwalira, ndipo 21 mwa omwalirawo anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Mwa 143 opulumuka, otupa chotero anali 39 okha. Kunadziwika tsono kuti ubongo ukatupa umapanikiza malo olamulira kupuma, ndipo mwana amaleka kupuma. Nzeru imeneyi inatsegula njira ya kuyesa kwina pa Queens pomwepo, kothandiza ana otere ndi makina opumira kapena ndi madzi a mchere wambiri.

Koma funso linatsala: chimatupitsa ubongowo nchiyani? Makina a ku Blantyre anali a mphamvu ya 0.35 tesla, yochepa pa funso lotere. Chotero Michael Potchen ndi anzache anajambula ana 16 a ku Zambia ndi makina a 1.5 tesla ku Lusaka, asanabayidwe gadolinium ndiponso atabayidwa. M'chaka cha 2018 analengeza kuti mankhwalawo sanaoneke akuchucha kutuluka m'mitsempha kulowa mu ubongo. Ana onse 16 anachira, ndipo otupa kwambiri anali awiri okha, kotero kuti nkhaniyo siinathere pamenepo. Komabe ikutionetsa kuti mankhwala ounikira angayankhe funso limene mpeni wa dokotala sungayankhe pa mwana wamoyo.

IMPSO ZA ANTHU A M'CHIGWA

Tibwerere tsono ku Chikwawa ndi Nsanje. Tanena kuti mankhwala a ayodini ndi a gadolinium amatuluka kudzera mu impso. M'chigwa muno impso ziri ndi adani atatu. Woyamba ndi malungo aakulu, amene amavulaza impso za ana ambiri ogonekedwa nao. Ndipo malungo m'chigwamo ngochuluka kotero kuti maboma onse awiri anali m'gulu la maboma 11 amene anayambira katemera wa RTS,S m'chaka cha 2019. Wachiwiri ndi likodzo, lofala m'madambo ndi m'ngalande za minda yothirira, limene likakhalitsa limatha kutseka njira za mkodzo ndi kutupitsa impso. Wachitatu ndi kutha kwa madzi m'thupi, chifukwa cha kutsegula m'mimba kapena chifukwa cha dzuwa la October ndi November limene limapyola madigiri 40, pamene anthu ali m'minda ya nzimbe ndi ya thonje.

Wodwala wa m'chigwa, tsono, kawirikawiri amafika pa makina ali ndi impso zotopa kale. Kwa iye mankhwala a chitsulo chochepa angakhale mdalitso woposa umene ali nao wodwala wa ku Berlin. Koma mdalitsowo uyenera kutsimikizidwa pa anthu onga iye, ndipo suchotsa lamulo lakale lakuti impso ziyezedwe poyamba. Kuyeza kumeneku ndi kwa magazi pang'ono, ndipo mtengo wache ngwochepa poyerekeza ndi wa makina. Ndi maganizo athu kuti chipatala cha boma cha Chikwawa, cha Nsanje, cha Montfort ku Nchalo ndi cha Trinity ku Muona chisamasowe zoyezera impso tsiku liri lonse, kuti wodwala azikwera phiri ali ndi yankho lache m'buku la chipatala. Ndalama yogulira zoyezerazi ipulumutsa anthu ambiri, ngakhale amene sadzajambulidwa konse.

MAKINA ANG'ONO NDI CHITSULO CHA MAGAZI

Vuto lina la m'chigwa ndi mtunda. Kuchoka pa boma la Chikwawa kufika mu Blantyre pali mamailosi ngati 30 a mseu wokhotakhota wa m'phiri, ndipo kuchoka ku Nsanje ndi mamailosi oposa 100. Namondwe Ana, m'mwezi wa January 2022, anadula mseu wa M1 m'malo angapo naononga malo opangira magetsi a Kapichira. Namondwe Freddy, m'mwezi wa March 2023, anabwereza chionongeko m'chigwamo. Mwana wokomoka sangadikire kuti mlatho umangidwe.

Chifukwa cha ichi anthu ambiri ayang'ana ndi chiyembekezo pa makina ang'ono a MRI a kampani ya Hyperfine, amene amakankhidwa pa mawilo kufika pa bedi la wodwala ndipo amadya magetsi a pa khoma wamba. Madokotala a ku Queens anafalitsa m'chaka cha 2022 m'mene anawagwiritsira nchito. Mphamvu yao ndi 0.064 tesla yokha, ndipo zithunzi zao siziri zoyera monga za makina akulu. Apa ndi pamene mankhwala ounikira atsopano angathandize koposa. M'chaka cha 2023 akatswiri a ku America anaonetsa, poyesa m'timabotolo, kuti timibulu tosaoneka ndi maso ta chitsulo wamba, chonga chimene chiri m'magazi athu, timawala kwambiri kuposa gadolinium pa makina ofooka otere.

Nkhani njokoma, koma nayonso ifunika kudekha. M'chaka cha 2006 kunafalitsidwa zotsatira za kuyesa kwakukulu pa chisumbu cha Pemba ku Zanzibar, kumene kunali malungo ambiri: ana amene anali kumwa mankhwala oonjezera chitsulo m'magazi tsiku ndi tsiku anagonekedwa m'chipatala kapena kufa mochulukirapo kuposa anzao. Inde, kumwa tsiku ndi tsiku nkosiyana ndi jakisoni mmodzi. Komabe chitsulo ndi malungo zimadziwana, ndipo funso limeneli silingayankhidwe m'dziko lopanda udzudzu wa malungo. Mayeso otere akadzafika pa ana, nkoyenera kuti adzachitike kumene kuli nthendayo, pansi pa maso a madokotala athu.

MALAMULO ALIPO

Ena akamva mau akuti kuyesa amachita mantha, ndipo mantha ao ali ndi pochokera. Ku Kano m'dziko la Nigeria, m'chaka cha 1996, kampani ya Pfizer inayesa mankhwala a Trovan pa nthawi ya mliri wa nthenda youmitsa khosi. Mwa ana 200 a m'mayesowo, 11 anamwalira, ndipo milandu yokhudza chilolezo cha makolo inatenga zaka zambiri. Kuno kwathu, m'chaka cha 2017, mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi Phalombe nizifalikira m'maboma ena a kumwera. Anthu osalakwa anaphedwa, ndipo nchito za umoyo zinasokonezeka. Nkhani ziwirizi zikutiphunzitsa chinthu chimodzi: pamene anthu sauzidwa zoona momveka, pamalowa chinyengo kapena bodza.

Dziko lino liri ndi mpanda wache. Gawo 19 la Malamulo Aakulu a dziko likuletsa kuyesa za mankhwala kapena za sayansi pa munthu popanda chilolezo chache. Kafukufuku wa za umoyo sayamba asanavomerezedwe ndi komiti ya Unduna wa Zaumoyo yotchedwa NHSRC, kapena komiti ya COMREC ya pa sukulu ya madokotala imene kuyambira 2021 iri gawo la Kamuzu University of Health Sciences. Mankhwala oyesedwawo ayeneranso chilolezo cha bungwe la PMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 m'malo mwa bungwe lakale la mankhwala ndi ululu. Anthu a ku Chikwawa si alendo pa zimenezi, pakuti bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome lakhala likuchita kafukufuku wa malungo m'bomalo kwa zaka zambiri.

Koma mpanda wa pa pepala suletsa mbuzi ngati palibe woyang'anira chipata. Chilolezo chenicheni ndi chimene mai wa kwa Tengani wapereka atamva nkhani yonse m'Chisena kapena m'Chimang'anja chache, osati chidindo cha chala pa kalata ya Chingerezi pamene mwana ali chikomokere. Ayenera kuuzidwa poyera kuti mankhwala ounikira sachiza, kuti ali ndi ufulu wokana, ndi kuti akakana mwana wache alandirabe chithandizo chonse.

ZOYENERA KUFUNSA

Safunsa anadya phula. Ngati mayeso a mankhwala otere afika m'chigwa, mfumu, mphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo ndi kalaliki wa kwa DC akhale ndi mafunso awa pakamwa. Kodi kalata ya chilolezo cha komiti ndi ya PMRA iri kuti? Kodi impso za wodwala ziyezedwa asanabayidwe? Thupi likakana mankhwalawo mwadzidzidzi, kodi pali dokotala ndi mankhwala otsitsimutsa pomwepo? Kodi obayidwawo adzalondoledwa kwa nthawi yotani, ndipo wovulala adzamsamala ndani? Ndipo mayeso akadzatha bwino, kodi mankhwalawo adzafika m'zipatala za Boma pa mtengo umene dziko lingathe?

Funso lotsirizali lisapeputsidwe. M'chaka cha 2022 fakitale ya General Electric ku Shanghai itatsekedwa chifukwa cha Covid-19, zipatala za ku America zomwe zinasowa mankhwala a ayodini nizichedwetsa kujambula odwala kwa masabata ambiri. Ngati olemera anasowa, nanga ife a kumapeto kwa mzere? Nkofunika kuti pangano la mtengo ndi la kapezekedwe ka mankhwala lizilembedwa mayeso asanayambe, pamene makampani akutifuna.

Potsiriza tikumbutse awerengi kuti chithunzi, ngakhale chiyere chotani, sichinachizepo mwana. Chimene chimapulumutsa mwana wa malungo ndi neti yonyikidwa m'mankhwala, katemera, kuyezetsa magazi tsiku lomwelo thupi latentha, ndi jakisoni wa artesunate pa nthawi yache. Aphunzitsi anene zimenezi m'kalasi ndi pa msonkhano wa makolo. Koma anenenso kuti nzeru zambiri zimene dziko lapansi liri nazo lero pa malungo a mu ubongo zinachokera kwa makolo a m'dziko muno amene anafotokozeredwa, namvetsa, navomera kuti ana ao ajambulidwe. Anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje ayenera ulemu womwewo: auzidwe zoona zonse, afunse mafunso ao, ndipo phindu likadzapezeka, litsike phiri kuwafikira.